Za Kuika Wailesi ya Kanema Kumudzi

Anzanga ambiri a pa sukulu pano amene kwawo ndi kunsi kwa mapiri, monga ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, ali ndi abale ogwira ntchito ku Joni kapena ku Lilongwe. Mbale wotere akafuna kukondweretsa makolo ake, kawirikawiri amatumiza wailesi ya kanema, ndipo amasankha yaikulu ndithu kuti a pamudzi adziwe kuti mwana wa uje sanapite kukasewera. Koma pakapita miyezi itatu kapena inayi mudzapeza kanema uja ali pa tebulo ataphimbidwa ndi nsalu, ndipo mukafunsa adzakuuzani kuti batire linafa. Zimenezi ndaziona m'nyumba zingapo kwathu ku Golomoti, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi. Anthu amayamba ndi kugula kanema, pamene choyenera kuyamba nacho ndicho kuwerenga mphamvu ya magetsi imene nyumbayo ingathe kukolola ndi kusunga. Tsono popeza ndife ana a sukulu amene makolo amatifunsa nzeru pa tchuthi, ndati ndilembe zimene ndaphunzira pa nkhaniyi, kuti ndalama za mpunga ndi za thonje zisamathere pachabe.

Vutoli si lachilendo ayi. M'chaka cha 1949 kunafika mawailesi otchipa m'maiko a Nyasaland ndi Rhodesia, amene Angerezi anawatcha Saucepan Special chifukwa anaoneka ngati poto wophikira ndiwo. Anawapanga a kampani ya Ever Ready ku England atapemphedwa ndi Bambo Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, kuti anthu akumidzi azimva nyumba youlutsa mawu ya ku Lusaka, imene inkalankhulanso Chinyanja. Wailesiyo inali ya mapaundi 5, koma batire lake linkagulidwa padera pa paundi 1 ndi mashiling'i 5, ndipo likatha munthu anayenera kugula lina. Amene anasunga mapaundi 5 okha anakhala ndi poto wosalankhula. Kanema wa dziko lathu anayamba mochedwa, m'chaka cha 1999, koma magetsi sanathamange kumtsata. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkawunikira ndi magetsi a ESCOM. Kotero kwa ambiri a ife kanema ayenera kudya za dzuwa.

Kuti timvane bwino, tiyerekeze ndi zinthu zimene tonse tizidziwa. Sola ya padenga ili ngati munda, batire lili ngati nkhokwe, ndipo kanema, mababu ndi mafoni ali ngati pakamwa pa anthu a m'banjamo. Palibe mayi wanzeru amene amaitana alendo khumi asanasuzumire m'nkhokwe. Chomwechonso ife tiyambe ndi kuwerenga pakamwa.

Kumbuyo kwa chipangizo chilichonse cha magetsi kuli kapepala kolembedwa nambala ndi chilembo W. Amenewo ndi mawati, ndiwo muyeso wa kudya kwa chipangizocho. Mukachulukitsa mawati ndi maola amene chidzayake, yankho lake limalembedwa Wh, ndipo ndilo chakudya chake cha tsiku limodzi. Taonani chitsanzo. Kanema wopyapyala wa mainchesi 32 amadya mawati ngati 45, ndipo akayaka maola 4 madzulo amatha 180 Wh. Dikoda ya mawati 10 pa maola omwewo itha 40 Wh, ndipo masipika aang'ono a mawati 15 atha 60 Wh. Mababu 3 a mawati 5 lililonse, oyaka maola 5, atha 75 Wh. Kutchaja mafoni 3 tinene kuti ndi 45 Wh. Zonse pamodzi ndi 400 Wh. Koma pali mnzathu wina wakudya mobisa, ndiye inveta, kabokosi kamene kamasandutsa mphamvu ya batire ya mavolti 12 kuti ikhale 230 monga ya ESCOM. Pa ntchito yosandutsayo gawo limodzi mwa magawo asanu likhoza kutayika ngati kutentha, kotero kuti m'nkhokwe muyenera kutuluka 500 Wh usiku uliwonse.

Tsopano tisuzumire m'nkhokwemo. Batire lolembedwa 12 V ndi 100 Ah limasunga 12 kuchulukitsa ndi 100, ndiye 1,200 Wh. Ena adzati basi, limeneli likwanira masiku awiri ndi kutsalako. Apa ndi pamene mabatire ambiri amafera. Batire la mtovu ndi asidi silifuna kukokololedwa mpaka pansi. Aphunzitsi athu a sayansi anatifotokozera kuti likatsika kwambiri n'kukhala osadzazidwa msanga, pa mbale zake za m'kati pamamera zinthu zolimba ngati mchere, ndipo malo osungira mphamvu amachepa osabwereranso. Lamulo labwino ndi kudya theka lokha. Choncho batire la 1,200 Wh likupatsani 600 Wh, ndipo nyumba yathu ya 500 Wh yangokwanira usiku umodzi, popanda chotsalira cha tsiku la mitambo.

Nanga kanema wa ku Joni uja wa mainchesi 55? Ameneyo akhoza kudya mawati oposa 100, ndiye kuti pa maola 4 amatha yekha chakudya cha nyumba yonse ija. Ana akalira kuti filimu isathere pakati, bambo amalumpha kontolola n'kulumikiza inveta ku batire mwachindunji, batire limatsika mpaka pansi usiku ndi usiku, ndipo pofika mwezi wachitatu latha ntchito. Pamenepo amanyoza wogulitsa, amanyoza ndi dziko limene batirelo linachokera, koma mlandu uli pa masamu amene sanachitidwe.

Ife a kunsi kwa mapiri tili ndi mdani winanso amene anzathu a ku Bembeke ndi ku boma la Dedza samudziwa kwenikweni, ndiye kutentha. Mu October ndi November, m'nyumba ya malata ku Mtakataka masana simukhalika. Batire la mtovu limakonda malo ofunda pang'ono ngati madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa apo, moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka. Chifukwa chake liikeni pansi, pa thabwa, m'chipinda chozizira chimene mphepo imapitamo, osati pafupi ndi denga kapena pa zenera lolowa dzuwa. Mphepo ifunikanso pa chifukwa china, pakuti batire likamadzaza limatulutsa mpweya umene ukhoza kuyaka, ndipo koloboyi kapena kandulo zisayandikire. Ngati ndi batire lotsegula, muzithiramo madzi ake a m'botolo ogulidwa ku sitolo, osati a pa mjigo. Batire la galimoto, limene ambiri amaligula chifukwa chotchipa, linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa kamphindi poliza injini, ndipo ntchito ya usiku wonse siliitha. Masiku ano kuli mabatire a lithium amene amalola kudyedwa kupitirira theka ndipo amakhala zaka zambiri, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo banja lililonse liyeze thumba lake.

Za munda sizivuta kwambiri. Kuno dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola 5 pa tsiku. Sola ya mawati 100 iyenera kupereka 500 Wh, koma chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mawaya, gawo limodzi mwa magawo anayi limatayika, ndipo mutsala ndi 375 Wh. Imeneyi siingabweze 500 Wh zimene munadya usiku, ndipo nkhokwe idzatsika pang'ono tsiku ndi tsiku. Ya mawati 150 ipereka ngati 560 Wh, ndiyo yoyenera nyumba ya chitsanzo chathu. Popeza dziko lathu lili kumwera kwa equator, sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono ngati madigiri 15, kuti mu June ndi July pamene dzuwa limadzera kumpoto ilandire bwino, ndiponso kuti mvula izitsuka fumbi. Isagone pa malata penipeni, koma pakhale mpata wopita mphepo pansi pake, pakuti sola ikatentha imapereka zochepa. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango ukagwa pa ngodya yake, mphamvu imatsika kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Ndipo m'chilimwe, pamene fumbi lachuluka, wina azikwera kukapukuta ndi nsalu yonyowa m'mawa kusanatenthe. Pogula chenjerani, chifukwa m'misika muli masola ena olembedwa mawati ambiri koma thupi lake laling'ono. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yerekezani kukula kwake ndi ina ya mawati omwewo imene mukuidziwa kuti ikugwira bwino kwa mnansi.

Amene akuganiza kuti masamu awa ndi a anthu osauka okha apite akaone munda wa masola wa ku Golomoti, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Anaumanga a JCM Power pamodzi ndi a InfraCo Africa, ndipo umapereka mamegawati 20 ku mawaya a ESCOM. Pambali pa masolawo anaikapo mabatire a lithium osunga 10,000,000 Wh, amene ndikawerenga ndipeza kuti ndi ofanana ndi mabatire athu a 100 Ah oposa 8,000. Akatswiri aja anadziwa kuti mtambo ukadutsa kapena dzuwa likapendeka, munda wopanda nkhokwe suthandiza. Magetsi amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo nyumba yoyandikana nawo imene sinalumikizidwe ndi ESCOM imagonabe mu mdima, chinthu chimene agogo ena kwathu sachimvetsa mpaka lero.

Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kontolola, imene ena amati reguleta. Ntchito yake ndi kuletsa batire kudzaza mopitirira masana, ndi kuzimitsa zinthu usiku batire likafika potsika. Ikazimitsa musakwiye nayo, ikuteteza chuma chanu. Mawaya a ku batire akhale onenepa ndi aafupi, chifukwa pa mavolti 12 mphamvu yoyenda m'waya imakhala yambiri. Zinthu za mawati 120 zimakoka maampu 10, ndipo kawaya kowonda ka masipika kamatentha, kamadya mphamvu, mwinanso kuyatsa nyumba. Pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Ngati simunagulebe kanema, funsani wa mavolti 12 amene safuna inveta, pakuti pamenepo mwachotsa wakudya mobisa uja. Chinanso chaching'ono: katundu wa ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano a ngodya. Gulani pulagi yoyenera m'malo molowetsa mawaya osenda ndi timitengo ta machesi.

A pa msika wa Golomoti ndi ena a m'mbali mwa msewu wa M5 amene ali ndi magetsi a ESCOM asadzione ngati apulumuka. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri mpaka 2023. Magetsi akamabwera atazima, nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira, kotero kanema alumikizidwe kudzera pa kabokosi koteteza kamene kamadikira pang'ono kasanatsegule.

Mphamvu ikapezeka, funso lachiwiri ndi lakuti zithunzizo zidzachokera kuti. Njira yotchipa ndi ya mlongoti. Maiko anagwirizana kuti pofika pa 17 June 2015 asiye kaulutsidwe kakale n'kuyamba ka digito, ndipo kuno kwathu kunabwera madikoda a Kiliye Kiliye ndi a GOtv olandira ndi mlongoti. Koma mafunde a kanema amayenda molunjika ngati kuwala, sakhota kuzungulira phiri. Ife takhala m'tsinde mwa mapiri aatali, amene aliyense wokwera msewu wa Khwekhwerere amawadziwa, ndipo nyumba ya kufupi ndi phiri ikhoza kulephera kulandira zimene nyumba ya kudambo, cha kunyanja, ikulandira. Musagule dikoda chifukwa munaiona ikugwira kwa malume ku Lilongwe. Yendani m'mudzi mwanu momwemo, muone amene ali ndi mlongoti, mufunse kutalika kwa nsungwi yake ndi kumene waulozetsa.

Dishi ilibe vuto la mapiri, chifukwa imalandira kuchokera ku setilaiti imene ili makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator. Setilaitiyo imazungulira pamodzi ndi dziko, kotero kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi, ndipo ndicho chifukwa chake dishi imamangidwa kamodzi osaisunthanso. Ikasuntha pang'ono pokha zithunzi zimathawa. Imangeni pa khoma la njerwa kapena pa chitsulo chozikidwa ndi simenti, osati pa mtengo wamoyo umene umagwedezeka ndi mwera, ndipo kutsogolo kwake kusakhale nthambi. Mvula yamphamvu ikamagwa zithunzi zimaduka, koma chimenecho si chilema, zimabwera zokha mtambo ukapita. Chovuta cha dishi ndi msonkho wa mwezi ndi mwezi. Banja la mlimi limaona ndalama pokolola, pamene DStv kapena Azam amafuna zawo mwezi uliwonse, ngakhale mu February pamene ufa wavuta. Ndiponso mu August 2023 a MultiChoice anaimitsa DStv m'Malawi atasemphana ndi bungwe la MACRA pa za mitengo, ndipo inabweranso kumapeto kwa chaka chomwecho. Nyumba imene inadalira njira imodzi yokhayo inaphunzira kanthu.

Njira yachitatu ndi ya intaneti, ndipo ndi imene anyamata a msinkhu wathu amaikonda. Foni ya Airtel kapena ya TNM ikhoza kugawira kanema intaneti popanda waya ngati kanemayo ali ndi Wi-Fi, kapena mungagule karauta kolowetsa simu khadi. Koma apanso tiwerenge. Kuonera zithunzi zooneka bwino pa intaneti kumatha 1 GB pa ola, ndipo zowala kwambiri zimafika 3 GB. Maola 4 usiku uliwonse pa mwezi ndi maola 120, ndiye 120 GB pang'ono pake. Funsani mtengo wa bandulo yotere, muuyerekeze ndi thumba la chimanga. Za Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndingonena kuti chipangizo chake chachikulu chimadya mawati oposa 50, kuposa kanema wathu wa mainchesi 32, ndipo chiyenera sukulu kapena chipatala koposa nyumba ya batire limodzi.

Maganizo anga ndi akuti pa mudzi intaneti ikhale ngati chitsime chotungako, osati mtsinje woyenda usiku wonse. Chinthu mukachikopera kamodzi pa fulashi kapena pa memore khadi, mungachionere kakhumi osalipiranso. Filimu imodzi ya 1 GB ikalowa, fulashi ya 32 GB isunga mafilimu ngati 30, ndipo pafupifupi kanema aliyense wa masiku ano ali ndi kabowo ka USB kumbuyo. Momwemo mungasungemo maphunziro a masamu ndi sayansi a azing'ono athu, nyimbo za kwaya, ndi zithunzi za ukwati wa achemwali zimene amayi adzafuna kuonetsa mlendo aliyense. Mafulashi onyenga aliponso, olembedwa 64 GB koma osunga zochepa, ndipo njira yowayesera ndi kuwadzaza tsiku logula n'kutsegula zimene munaika pomalizira. Amene afuna kulipiritsa anthu pakhomo, monga achitira a mavidiyo a pa msika, adziwe kuti pamenepo yasanduka bizinesi, ndipo pafunika chilolezo cha bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti oimba ndi opanga mafilimu azipeza gawo lawo.

Kulumikiza zinthu m'nyumba ndi ntchito ya theka la ola ngati munaganiza kale. Dikoda ndi kanema zilumikizidwe ndi waya wa HDMI, umene umanyamula zithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo zithunzi zake zimaposa za mawaya atatu aja ofiira, oyera ndi achikasu. Musanagule werengani mabowo a kumbuyo kwa kanema, chifukwa ena ali ndi limodzi lokha ndipo mudzatopa ndi kuzula. Rauta ikhale pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana ku nsanja ya mafoni, pakuti malata ndi makoma a njerwa zootcha amafooketsa mafunde. Muikepo nambala yachinsinsi, apo ayi anyamata a mudzi wonse adzakhala pa khonde panu madzulo ndipo bandulo idzatha Lachitatu. Zonsezi zikhale pa shelefu yotalikirana ndi khoma lodontha, yophimbidwa masana chifukwa cha fumbi, koma yovundukulidwa zikayaka kuti zisatenthe. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'dikoda.

Pa kagulidwe, ine ndingalangize makolo kuyamba ndi sola, kontolola, batire ndi mababu, n'kukhala nazo mwezi umodzi kuona ngati batire likudzaza tsiku lililonse dzuwa lisanapendeke. Kanema abwere pambuyo, wa msinkhu umene nkhokweyo ingathe kudyetsa. Mbale wa ku Joni mumlembere nambala za masamu anu asanapite ku sitolo, ndipo ngati ndalama zake zikwanira kanema wa mainchesi 55, mumpemphe agule wa 32 ndipo zotsalazo zipite ku batire. Ndiponso banja ligwirizane msanga kuti mababu ndiwo oyamba. Tsiku la mpira wa Bullets ndi Wanderers palibe amene adzakumbukire kuti mng'ono wathu wa Sitandade 8 ali ndi mayeso, kotero mababu akhale ndi waya wawowawo wochokera ku kontolola, ndipo batire likayamba kutsika wozima akhale kanema.

Mvula yoyamba ya kunyanja imadza ndi ziphaliwali zoopsa, ndipo mlongoti wa pa nsungwi yaitali ndiwo umatalika kuposa zonse pa mudzi. Chitsulo cha mlongoti ndi cha dishi zilumikizidwe ndi waya wonenepa wa kopa ku ndodo yachitsulo yokhomeredwa pansi pa nthaka yonyowa. Mukamva kugunda kwa mvula cha ku mapiri, zimitsani kanema, muzule pulagi, muzulenso waya wochokera ku mlongoti kapena ku dishi, ndipo muuike patali ndi pamene ana akhala.